Mdzukulu wanga asapite ngati nthayo

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale akulu a mpingo amene ndakhala nawo pa benchi limodzi kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Mumpingo mwathu akuidziwa ndi mkazi wanga ndi mwana wanga wamkazi basi.

Ndine m'busa wa kampingo kakang'ono ku Chiuaula, m'tauni ya Lichinga. Ife sitibatiza makanda. Munthu amayamba wamva uthenga, n'kulapa ndi pakamwa pake, kenako timapita naye kumtsinje kukamumiza thupi lonse. Zimenezi ndaphunzitsa ubusa wanga wonse, ndipo ndinkaphunzitsa mouma khosi. Kuwerenga ndinakudziwira kuukulu, ndili kale ndi ndevu, nditakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amayi ogulitsa mbatatesi amene ankandiseka ndikasokoneza zilembo. Mawu a m'Baibulo ndinawapeza movutikira, choncho amene ndinawagwira sindinkafuna kuti wina awagwedeze. Amayi angapo anabwerapo pakhomo panga ndi makanda odwala, kupempha kuti ndingowadonthezera timadzi pamutu. Ndinkawapempherera n'kuwabweza.

Mwana wanga wamkazi, wotsiriza m'nyumba mwanga, anakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana. Mimba zinkabwera n'kupita padera. Ine ndadalitsa ana a anthu kutsogolo kwa tchalitchi mpaka mikono kuwawa, iye atakhala kumbuyo akuombera nawo m'manja. Ndiye chaka china mimba inakhazikika. M'nyumba mwathu munasintha. Mkazi wanga anayambanso kuimba akamasesa, n'kumaluka tizipewa tambirimbiri ngati kukubwera ana a mudzi wonse. Ine ndinkadzipeza ndikumwetulira pakati pa ulaliki wa chiweruzo, mpaka amayi a m'kwaya anayamba kunong'onezana kuti abusa akalamba.

Mwanayo sanadikire masiku ake. Anabadwa mu Juni, mwezi umene kuno ku Lichinga madzi a m'ndowa amaluma zala. Anali wamkazi, mkono wake ngati chala changa. Kuchipatala anamumangirira pachifuwa cha mayi ake ndi nsalu ya kapulana kuti azimva kutentha. Poyamba ankayamwa pang'onopang'ono. Kenako analeka, ndipo kupuma kwake kunayamba kudukiza. Anamwino anachita zonse zimene akanatha, n'kutiuza mosabisa kuti tidikire tione.

Pa nthawi yoona odwala masana, mwana wanga anabwera pakhomo la wodi, khanda lili m'kati mwa juzi, kukuoneka kachipewa kokha. Sanandipatse moni.

"Papa, mumubatize."

Ndinayamba kumufotokozera zimene iye anakula akuzimva, kuti khanda lilibe mlandu wolapa, kuti Mulungu amalandira ana popanda madzi. Anandisiya ndimalize. Kenako anandiuza kuti apongozi ake, amayi a kunyanja amene mpingo wawo umabatiza makanda, anali atalankhula kale ndi amayi ena apabanja. Mwana akapita ali chomwechi, wosatuluka m'chikuta, wopanda dzina, wosabatizidwa, ndiye kuti ndi nthayo. Adzamutenga amayi okhaokha, kukamukwirira m'kadzenje kosaya, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo mayi wake saloledwa kulira mokweza. Koma akabatizidwa ndi munthu, ali ndi dzina, ndipo palibe angakane kuti aikidwe ngati munthu.

Ndinati ndidzalankhula nawo apongoziwo. Iye anati kwa mwamuna wake mawu anga ndi a mlendo, ndipo ankanena zoona. Ndinati ngati zili choncho, aitane wansembe wa mpingo wawowo.

"Ndikapemphe bambo wa eni, wanga ali m'busa? Ana a anthu onse mwawanyamula, Papa. Wangayu ndi mmodzi yekha."

Ndinatuluka pachipata ngati munthu wakuba.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo amene ndimamukhulupirira kwambiri, kalipentala, mnzanga wa zaka zambiri. Sindinamuuze kuti ndapemphedwa. Ndinangofunsa ngati nkhani ya m'busa wina wakutali. Iye anaika pansi chopalira matabwa n'kundiyang'ana. Anati m'busa wakutaliyo ali ndi nkhope ngati yanga. Kenako analeka nthabwala. Anandikumbutsa za mayi wina wa mumpingo mwathu amene ndinamukaniza, mwana wake n'kumwalira sabata yomweyo, ndipo mayiyo mpaka lero amasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse. Anati zikamveka kuti wa abusa yekha ndiye anadonthezeredwa, ndidzamuyang'ana bwanji mayiyo? Anatinso akuluakulu oyang'anira mipingo yathu sangandisiye pa guwa. Zonsezi ananena mwachifundo, ndipo panalibe chimene ndikanatsutsa.

Nditafika kunyumba dzuwa likupendeka, ndinapeza mkazi wanga akuthira phala m'kontena loti apite nalo kuchipatala. Anali atamva kale. Mkazi wanga amanditchula kuti bambo, koma akandikwiyira amanditchula udindo.

"Abusa, woyamba uja tinamuika pati?"

Mwana wathu woyamba anabadwira kumudzi, cha ku Chimbonila, ndisanadziwe Mulungu ngakhale chilembo chimodzi. Anali wamwamuna. Anamwalira mchombo usanagwe. Amayi akuluakulu anandiuza kuti si maliro, ndisalire, nditenge khasu ndipite kumunda ngati tsiku lina lililonse. Ndinapitadi. Ndinalima mpaka madzulo. Pobwera ndinapeza zonse zatha, mkazi wanga atagona choyang'ana kukhoma, mkaka ukunyowetsa nsalu yake. Sindinamufunse kanthu tsiku limenelo, ndipo sindinamufunsenso. Ndinadzakhala m'busa, ndaima pa manda osawerengeka, ndatonthoza anthu ndi mavesi, koma malo amene mwana wanga anagona sindiwadziwa.

Mkazi wanga sanakweze mawu. Anati iyenso sakuwadziwa, chifukwa sanamulole kupita nawo. Anati kwa zaka zambiri akadutsa pathengo la kumudziko ankaponda mosamala, poopa kuti mwina ndi pomwepo. Anati za madzi iye alibe nazo mawu, ophunzira ndife, koma mwana wake sadzayenda choncho iye ali moyo. Anamanga kontena lija m'nsalu n'kunyamuka, osatsanzika.

Ndinatsala ndekha pakhonde, mphepo ikulowa m'mafupa. Ndinayesa kupemphera koma mawu onse amene ndimapempherera nawo anthu ena anandithawa. Ndinatsegula Baibulo kufunafuna pamene pangandimasule. Pamene pali mawu oti ana aloledwe kubwera ndinapapeza, koma sipanena za madzi, ndipo sindikanadzinamiza kuti panena. Ndinafunafunanso pamene pangandimange kuti mtima ukhale m'malo, poti ndikane ndili ndi vesi m'manja. Napo sindinapapeze poyera monga ndinkalalikirira. Ndinauza Mulungu kuti ngati akufuna moyo atenge wanga, watha kale ntchito, mano atha, maso akuchita khungu. Ndinadziwa ndikulankhula kuti Mulungu sachita malonda otero. Ndinamuuzabe.

Sindikulemba izi kuti ndinene kuti chiphunzitso chathu n'cholakwa. Mpaka lero sindikhulupirira kuti madzi a pamutu pa khanda amatsegula kumwamba. Kumwamba kunali kotsegula kale kwa mwanayo, monga kunalili kwa wanga woyamba uja. Chimene chinali chotseka chinali pansi pano. Ndinaona kuti ndikakana, mwana wanga adzagona choyang'ana kukhoma ngati mayi ake, ndipo ine ndidzakhala nditapitanso kumunda, ulendo uno nditanyamula Baibulo m'malo mwa khasu. Ndikavomera, ndidzakhala wonama kwa mayi wosesa m'tchalitchi uja ndi anzake onse amene ndinawabweza. Mbali zonse ziwiri kunali munthu woti ndimulakwire, ndipo nthawi yoti ndisankhe bwino inali kutha limodzi ndi mpweya wa mwanayo.

M'mawa kunacha ndi nkhungu yoti nyumba yoyandikana ndi yathu osaiona. Ndinakoleza makala pa mbaula n'kutenthetsa madzi pang'ono, chifukwa a m'ndowa akanamupweteka. Ndinawayesa ndi chigongono monga ndinkaonera mkazi wanga akamasambitsa ana, n'kuwathira m'kagarafa, kabotolo kakang'ono, n'kukaika m'thumba la m'kati mwa jekete kuti asazizire m'njira. Ndinakwera njinga yamoto mpaka kuchipatala.

Nthawi yoona odwala inali isanakwane. Namwino wa pakhomo anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wanga amene anali ataima kumbuyo kwake, n'kundiuza kuti ndisambe m'manja ndipo ndisachedwe. Mwana wanga anali atakhala pabedi, maso otupa. Sanafunse chimene ndabwerera. Anatsegula juzi pang'ono n'kukankhira kachipewa kumbuyo. Kamutu kake kanali kofewa, mitsempha ikuonekera, kachifuwa kakukwera n'kuima, kukwera n'kuima.

Ndinafunsa dzina. Mayi ake anandinong'oneza. Ndinagwada pa simenti, ndinaviika chala m'madzi aja akadali ofunda, ndinamutchula dzina lakelo mokweza kuti apongozi a mwana wanga, amene anali atakhala pa bedi loyandikana, amve, ndipo ndinamubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera.