Wotchi imene bambo anajambula

Bambo anga akhala akukonza mawotchi kwa zaka makumi anayi, m'kachipinda kapansi pa masitepe a sitolo ya nsapato. Anthu amangowatcha a Sekondi, chifukwa ukachedwa pang'ono ankangokuloza pamkono osanena kanthu.

Chaka chatha zinthu zinayamba kusokonekera. Wotchi ya uyu ankapatsa uyo, makasitomala n'kumabwera kudzalalata. Achimwene anga atamva anagamula pafoni: "Akayezedwe kuchipatala. Akapezeka kuti mutu sukugwira, kachipinda kaja titseka." Mayi analusa. Anati kutseka kachipindako n'kuwaika bambo m'manda ali moyo.

Ndiye mayi anapita kwa mnzawo amene amuna ake anayezedwapo, n'kutapako mafunso onse. Sabata yathunthu anawaloweza bambo ngati mwana wa mayeso: lero n'lachingati, mwezi wanji, mumakhala kuti. Anapangananso kuti mayi akatsokomola, yankho ndi ayi. Ine ndinaziona zonsezi koma sindinawaletse, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Kuchipatala tinapeza nesi woona za okalamba, mzimayi wofatsa wa magalasi. Anawayeza bambo kuthamanga kwa magazi, anawauza adzuke pampando osagwirira, ayende mpaka pachitseko. Zonse zinayenda.

"Mwagwako miyezi yapitayi, agogo?" anafunsa nesiyo.

Mayi anatsokomola.

"Ayi," anatero bambo.

Bodza lamkunkhuniza! Bala la pachigongono linali pansi pa jekete limene mayi anawaveka kunja kukutentha choncho.

"Nanga chizungulire?"

Mayi anatsokomolanso. Nesi anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Chifuwacho tichionenso, mayi?"

Kenako nesi anawapatsa bambo pepala ndi pensulo. "Mundijambulire wotchi. Mivi iloze mphindi khumi itadutsa leveni koloko."

Mayi anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Mnzawo uja anali atawauza za funso la wotchili, koma iwo analiseka. Kuphunzitsa a Sekondi kujambula wotchi? Aaa!

Mzere wozungulira unatuluka bwinobwino, dzanja silinanjenjemere. Koma manambala anathinana mbali imodzi, eyiti anabwera kawiri, thwelofu anatsikira pansi. Pa mivi pensulo inaima m'malere. Mayi anatsokomola, anatsokomolanso, koma apa panalibe ayi woti n'kuthandiza.

Bambo ananyamula pepalalo n'kuliyandikitsa kudiso, monga amachitira ndi wotchi ya kasitomala.

"Iyi ndi yakufa," anatero mokwiya. "Wapanga zimenezi ndani?"

Iwo anayang'ana pensulo ili m'dzanja lawo, kenako anatembenukira kwa mayi. "Make mwana, ndine?"

Mayi anadzuka, misozi ili mbwembwembwe, n'kuwavula jekete lija. "Lembani, anesi. Anagwa kawiri. Chizungulire ndi cha m'mawa uliwonse. Lachiwiri anasochera pochokera kuntchito, ndinakawapeza ndekha."

Nesi analemba masamba awiri. Atayala patebulo mapilisi a bambo amene tinabwera nawo, anapeza kuti mitundu iwiri inkagwira ntchito imodzi, ndipo ndiyo inkawazunguza mutu. Za kuiwalako anati sizitha, koma tikumananso ndi dokotala, komanso wazaumoyo azibwera kunyumba. "Mukanakhoza mayeso anu aja," anawauza mayi mofatsa, "ndikanalemba kuti ali bwino, inu n'kubwerera nawo mapilisi omwewa."

Titangotuluka, foni yanga inalira. Achimwene. Ndinawaonetsa bambo foniyo. Bambo anapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa kachipinda kaja, womangidwa pa lamba wakale wa wotchi, n'kumuika m'dzanja langa.

"Uwauze achimwene akowo asavutike," anatero. "Mawa ukabweze mawotchi a eni ake, utengane ndi amako, ndi amene akudziwa mwini wa iliyonse. Wotchi ya munthu sindingaigwirenso ine. Koma kutseka ndatseka ndekha, wamva?"