Nyumba Yopanda Fumbi

Pasukulu ina ya atsikana ya mpingo ankawatchula kuti Mayi Simbi, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anazithera m'chipinda chochapira, kuseri kwa nyumba zogona ana, pakati pa mabeseni, nthunzi ndi fungo la sopo. Mayunifolomu, nsalu za pabedi, mikanjo ya kwaya, nsalu yoyera ya pagome la m'tchalitchi, zonsezi zinkadutsa m'manja mwawo. Iwo ankadziwa ana ndi manambala osokedwa pakolala. Mukawafunsa za mtsikana wina pomutchula dzina ankangokuyang'anani, koma mukati nambala 214, pomwepo ankayankha kuti, “Wotafuna bolopeni uja? Thumba la malaya ake silinayerepo.”

Anali mayi ovuta, tisabise. Khwinya limodzi lokha pamkanjo linkawakwanira kuti aubweze patebulo n'kuyambiranso. Komabe mwana wolira chifukwa chopukwa kwawo ankathawira kochapira komweko. Mayi Simbi kutonthoza ndi pakamwa sankakudziwa. Ankangomupatsa mulu wa matawulo kuti apinde, n'kumamudzudzula kapindidwe mpaka misozi iume.

Mawondo atayamba kukana, sukulu inagula makina ochapira. Iwo anapatsidwa bulangete ndi Baibulo la zilembo zikuluzikulu, kwaya inaimba, basi zinathera pomwepo. Anakakhala kunyumba kwawo, ya zipinda ziwiri, kamtunda pang'ono kuchokera pageti la sukulu. Amuna awo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankagwira ntchito kutali, ndipo ankaimba foni Lamlungu masana ndi mafunso ake omweomwewo: “Mwadya? Mankhwala mukumwa?” Iwo ankati eya, eya, foni n'kuduka. Mphepo ikamachokera kusukulu, belu linkamveka mpaka pakhonde pawo, ndipo ankadzambatuka ngati achedwa. Kenako ankakumbukira kuti palibe akuwadikira. Zinkawapweteka zimenezi, ngakhale sakanauza munthu.

Sukuluyo inali ndi dongosolo lake. Lachisanu lomaliza la teremu iliyonse makalasi ankatsekedwa, ana n'kugawidwa m'magulu kuti akathandize okalamba ndi odwala a m'deralo. Ankalitcha Tsiku la Utumiki. Ankanyamula matsache, ndowa ndi zikolopa, ndipo akamaliza kusesa ndi kuchapa ankakhala pansi ndi mwini nyumba, kucheza, kuimba, kupemphera, mpaka dzuwa kupendeka. Mayi Simbi anachapa zovala zochokera ku utumikiko kwa zaka zambiri, akunyinyirika ndi matope. Sanaganizepo kuti tsiku lina nawonso adzalembedwa pamndandanda.

Uthenga anabwera nawo mphunzitsi wa Baibulo, mtsikana waulemu amene anayamba ntchito iwo atachoka kale.

“Mayi, Lachisanu likubwerali tibwera ndi ana khumi ndi awiri, adzakuthandizeni ntchito za pakhomo.”

“Adzandithandize ine? Mwamva kuti ndadwala?”

“Ayi mayi, ndi utumiki chabe.”

“Chabwino, abwere. Tidzaone ngati ana a masiku ano amatha kufinya chikolopa.”

Anayankha mouma choncho, koma mphunzitsi atangotembenuka, mtima unali dyokodyoko. Ana khumi ndi awiri m'nyumba muno! Phokoso, chiseko, wina kugwetsa ndowa, wina kufunsa zopanda mutu. Anakabwereka makapu kwa mayi woyandikana nawo, anagula tiyi, shuga ndi mabisiketi. Ndiyeno anaiyang'ana nyumba yawo ndi maso a mlendo, n'kuona kangaude atamanga pakona ya denga. Ana a pasukulu pawo adzapeze kangaude kwa Mayi Simbi? Aa, ayi ndithu.

Anayamba Lachiwiri. Makatani anawachapa n'kuwasita. Mawindo anawapukuta ndi nyuzipepala mpaka galasi kulira. Pansi anakolopa chogwada, ndi mawondo omwe aja anawachotsetsa ntchito. Udzu wa m'mbali mwa mpanda anauzula ndi manja, mapoto anawakwecha mpaka munthu kudzionera nkhope. Ine sindiwaweruza. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuyeretsa za eni sadziwa njira ina yolandirira alendo.

Lachisanu ana anafika cha m'ma naini akuimba, matsache ali pamapewa. Ataima pakhomo, nyimbo inazilala yokha. Wina anavula nsapato. Wina anapititsa chala pawindo, n'kuchiyang'ana, n'kuonetsa mnzake.

“Madamu, ndiye tisesa pati?”

Mphunzitsi anazungulira nyumba yonse, mpaka kuseri, kufunafuna ntchito. Sanaipeze.

“Mayi, inu ndiye mwatichititsa manyazi,” anatero akuseka. “Kuno kulibe chogwira. Mulungu anakupatsani mphamvu ndithu. Atsikana, tiyeni tipemphere msanga. Kutsidya kwa msewu kuli bambo osaona, nyumba yawo ikufuna manja ambiri.”

“Tiyi ali pamoto,” anatero Mayi Simbi.

“Pepani mayi, nthawi. Musavutike.”

Pemphero linali lalifupi. Mphunzitsi analemba kanthu papepala lake, ndipo pasanathe mphindi khumi ndi zisanu onse anali atapita. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pampando. Ketulo inawira mpaka madzi kutsala pang'ono kuphwa. Madzulo anabweza makapu aja, ndipo mwini wake atafunsa kuti alendo acheza bwanji, anati, “Bwino kwambiri, ana aulemu.” Mabisiketi anadya okha, awiriawiri, mwezi wathunthu.

Teremu yotsatira anakhala pansi n'kuganiza mofatsa, ndipo anaona pamene analakwitsa. Kutatsala masabata atatu kuti sukulu itseke, anaimika tsache kuseri kwa chitseko n'kulumbira kuti salikhudza. Musaganize kuti zinali zophweka. Masamba ankagwa pabwalo, iwo n'kuyang'ana kumbali. Fumbi linadzaza patebulo, manja ankayabwa mpaka kuwabisa m'khwapa. Makatani anada. Kangaude uja anabwerera, ulendo uno ndi abale ake. Podya ankatembenuzira mpando kukhoma kuti asaone fumbilo, chakudya chitsike. Mayi woyandikana nawo uja anasuzumira pampanda.

“Anzanga, kodi m'thupi muli bwino? Ndibwere ndidzakusesereni?”

“Ayi, zisiyeni. Zili ndi eni ake.”

Uthenga sunabwere, koma iwo anati mwina mphunzitsi watanganidwa ndi mayeso. Zomwe zinalembedwa papepala lija sankazidziwa. Mphunzitsiyo, ndi mtima wabwino ndithu, analemba pambali pa dzina lawo kuti “amatha kudzithandiza okha,” ndipo malo awo anapatsidwa kwa wina. Palibe anaona chifukwa chowauzira.

Lachisanu lomaliza litafika, anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kukhala pakhonde lodzaza masamba, manyazi atawagwira koma mtima uli m'malere. Nyimbo inamveka kumtunda kwa msewu. Anaimirira, anakonza mpango kumutu. Gululo linafika pageti pawo, koma silinaime. Mphunzitsi anali kutsogolo, maso ali papepala. Mtsikana mmodzi wa kumapeto ndiye anawazindikira, n'kukweza tsache m'mwamba.

“Moni mayi! Anzanga, ndi mayi aukhondo aja!”

Anzake anabayibitsa mosangalala, osayang'ana n'komwe pabwalo. Mayi Simbi anatsegula pakamwa kuti aitane. Koma akanati chiyani? Bwerani mudzaone uve wanga? Anangokweza dzanja basi.

Anaima pakhondepo mpaka nyimbo inaleka kumveka. Kenako analowa m'nyumba, anavula diresi lija, analipachika bwinobwino, anatunga madzi m'ndowa. Nyumba yonse inali itada, ndipo mphamvu zoimaliza tsiku limenelo analibe. Anayamba ndi windo loyang'ana kumsewu, poti anawo pobwerera madzulo adzadutsa pomwepo.