Liwu la Zilembo Khumi

Bukulo linalibe chikuto. Linkayambira pa tsamba lachisanu, ndipo linkanunkha utsi ndi chinyezi cha m'sutikesi ya amalume. Anabwera nalo kuchokera ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, komwe ankaphikira mzungu wina amene pochoka analisiya m'khitchini. Amalume sankatha kuwerenga. Anandipatsa ine chifukwa ndinali mu Sitandade 7, ndipo aphunzitsi ankakonda kunena kuti Chingerezi sichilowa m'mutu mwa munthu wosawerenga.

Inali nkhani yoopsa yakalekale: chinyumba chamiyala, zitseko zotseguka zokha, manda a pansi pa nyumba, ndi mkazi wodwala wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba. M'maganizo mwanga zonsezi zinkachitikira m'mabwinja a ku Fort Lister, komwe tinkadutsa pokatola nkhuni, poti nyumba ina yamiyala sindinkaidziwa. Koma zomwe ndinkamva zinali zochepa. Mzere uliwonse unali ndi liwu londitsekera njira. Mawuwo ndinkawalemba kumapeto kwa kope la masamu, n'kumangodzipangira ndekha matanthauzo.

Inali nyengo ya chiperoni. Nkhungu inkatsika m'phiri la Michesi n'kukhala m'mudzi masiku atatu, zovala osauma. Amayi anali atayamba kutsokomola kuchokera nthawi yokolola chimanga, ndipo kumunda wa nandolo anali atasiya kupitako. Ankakhala pakhonde atafunda zitenje ziwiri, ine ndili pambali pawo ndi buku. Kalongonda amene ankamukonda kwambiri ankangomuyang'ana m'mbale.

"Werenga mokweza," ankatero m'Chilomwe. "Ngakhale sindikumva, ndizimva kuti mwana wanga akudziwa."

Panali liwu lina la zilembo khumi lomwe wolembayo ankalibwereza pofotokoza nkhope ya mkazi wa m'chipinda chapamwamba uja. Mwamuna wake ankamuyang'ana nthawi yaitali osachotsa maso. Ndiye ine ndinagamula kuti liwulo likunena za kukongola: maso aakulu, thupi lopepuka. Amayinso maso awo anali atakula. Masaya anali atalowa, mano n'kumaoneka oyera kuposa kale. Mpaka lero sindichita manyazi kunena kuti kwa ine anali okongola.

Aphunzitsi atatiuza kuti tilembe chimangirizo cha Chingerezi chonena za amayi athu, ndinaona kuti mwayi wanga wafika. Liwu lija ndinalilemba kawiri, mosamala, chilembo ndi chilembo.

M'mawa mwake anandiuza kuti nditsale anzanga akaweruka. Dikishonale pasukulupo inalipo imodzi yokha, yomatamata ndi selotepi. Anaitsegula, chala chawo n'kutsika ndi tsamba, kenako n'kuima.

"Liwu ili walipeza kuti?"

Ndinawauza za buku la amalume.

"Amayi ako ali bwanji?"

"Ali bwino. Akungotsokomola."

"Kuchipatala anapita?"

"Kawiri. Mapiritsi anatha."

Ndinawafunsa ngati tanthauzo ndinalilondola. Anatseka dikishonale ija pang'onopang'ono. "M'menemu mulibe," anatero. "Ndi Chingerezi chakale kwambiri."

Loweruka anatulukira kwathu panjinga, atamangirira paketi ya shuga ndi sopo kumbuyo. Anakhala ndi amalume pansi pa mtengo wa mango, kumalankhula motsitsa mawu. Ndinangomva amalume akuti, "Tayesa ponseponse, aphunzitsi." Aphunzitsi anawasiyira amalume njinga ija kuti Lolemba apite ndi amayi kuchipatala kachitatu. Anapitadi, n'kubwerako ndi mapiritsi omwe aja. Amayi anamwalira nandolo asanaume.

Tanthauzo lake ndinakalipeza ndili ku sekondale, ndekha, m'laibulale. Limanena za munthu wamoyo amene akuoneka ngati mtembo.

Koma Loweruka lija ine ndinali wonyada. Ndinkayesa kuti aphunzitsi apalasa ulendo wonsewo chifukwa chimangirizo changa chinaposa cha wina aliyense. Asanatsanzike ndinawapempha pepala langa, n'kuwawerengera amayi pakhonde, ndikumasulira m'Chilomwe mzere ndi mzere. Nditafika pa liwu lija ndinati, "Apa ndalemba kuti ndinu okongola." Amayi anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, n'kundigwira dzanja ndi zala zawo zozizira. Ndinacheukira aphunzitsi kuti andivomereze. Iwo anali atawerama, akukonza tcheni cha njinga chomwe sichinaguluke, ndipo ndinakhumudwa kuti sanamvetsere.