Benchi la Pafupi ndi Dzala

A Pilato anali wosesa pa kamsika kena m'mbali mwa msewu wa ku Nkando, koma anatchuka ndi machesi, osati tsache. Kwa zaka makumi awiri, m'mawa uliwonse ankaunjika padzala makoko a nanazi, majumbo ndi mabotolo apulasitiki, n'kuyatsa. Ngakhale chiperoni chinyowetse zonse, kwa iwo mtengo umodzi wa machesi unkakwana. Chinsinsi chawo chinali kachidutswa ka tayala kamene ankabisa pansi pa mulu, ndipo ankadzitama nazo mpaka anthu kutopa.

Akazi awo, a Emma, ankagulitsa kalongonda ndi nanazi. Pamene ankayamba geni, malo analipo kugeti, koma a Pilato anawakhomera benchi pafupi ndi dzala. Ankati makasitomala amadutsa kumeneko. Bodza lenileni. Munthuyu ankangofuna kuti akadzutsa mutu aziona mkazi wake, komanso kugeti kunali makondakitala a pakamwa pozuna. Msika wonse unkadziwa, n'kumawaseka.

Utsi wakuda uja unkathera pabenchipo. A Emma ankangophimba mphuno ndi chitenje, akatsokomola n'kumati ndi chimfine.

Chaka chatha kunabwera a khonsolo ndi lamulo lakuti kuotcha zinyalala pamsika kwatha. Zoola zizikwiriridwa m'dzenje zikhale manyowa, mapulasitiki aziikidwa m'matumba galimoto izidzatenga. Mayi wina wa zaumoyo anafotokoza kuti utsi wa pulasitiki ndi matayala umadya chifuwa pang'onopang'ono, makamaka cha munthu wokhala nawo pafupi tsiku ndi tsiku. Anthu anaseka, ati a Pilato alandidwa ufumu. Iwo sanaseke. Maso anali pabenchi, pamene panalibe munthu, pakuti sabata imeneyo a Emma anali atagonekedwa kuchipatala, akubanika. TB sanaipeze. Adokotala anali atafunsa ngati mayiwo amasuta fodya, a Pilato n'kupsa mtima ndi funsolo.

Palibe anamvera lamulolo kuposa iwo. Dzenje anakumba okha, ndipo woyatsa ngakhale kajumbo kamodzi ankamuthamangitsa ndi tsache. Mumtima ankati utsi ukatha, chifuwanso chitha. Koma madzi akatayika saoleka.

Tsiku lina masana anapalasa njinga kukaona a Emma kuchipatala kuja. Anawapeza atatsamira khoma, mawu akutuluka modukizadukiza. Anawauza kuti kumsika tsopano kulibe utsi, akachira akapuma bwino. Kenako anafunsa chimene chinkawadya mtima.

"Mayi a Kondie, zaka zonsezi utsi ukukupwetekani, bwanji simunasamutse benchi?"

A Emma anapuma kaye, n'kumwetulira.

"Ndikanasamuka, inu mukanamayang'ana ndani?"

Anamwalira mvula isanagwe.

Lero pamene panali dzala a khonsolo anadzalapo mitengo, ndipo malo aja ndiwo abwino koposa pamsika ponse. Amayi atatu ankalimbirana benchilo, mpaka akomiti anapita kwa a Pilato mwamanyazi kukapempha. Iwo sanakanize. Anangoti atenge, pamenepo mpweya ndi wabwino tsopano.

Akusesabe mpaka pano, atawerama kuposa kale, ndipo chisoni sichinawachoke. Akafika pamitengo paja amasesa chozyolika, chifukwa akaiwala n'kudzutsa mutu, pabenchi pamakhala pali munthu wina.