Dzanja Lamanzere la Ababa

Ntchito yosamalira Ababa sindinachite kuifunsira. Nkhondo itatha tinachoka ku Malawi kumene tinathawira, n'kubwerera kwathu kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, iwo n'kuyambiranso usodzi. Tsiku lina anagwa akutsika m'bwato, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Alongo anga anali atatsalira ku Malawi, basi udindo unagwera ine.

Kuchipatala namwino anati ndi trombozi. Anandionetsa kawongoledwe ka zala, kenaka anati, "Chimene angathe okha musawachitire. Manja anu muziwabisa kumbuyo."

Ndinazika mitengo n'kumangirira nsungwi kuchoka pakhomo mpaka kuchimbudzi kuti azigwirira. Chogwirira cha supuni ndinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mbale ndinkaikhazika pansalu yonyowa kuti isamaterereke. Povala malaya, ankayamba kulowetsa dzanja lakufalo. Ankalimbana ndi batani limodzi mpaka thukuta, akundikalipira, ine nditangoima poteropo. Odutsa ankati mwana ameneyu ndi wouma mtima. Ndinkawamva bwinobwino.

Tsiku lovuta linali la sadaka ya maliro a mnzawo wa kumzikiti. Amuna atakhala pamphasa, Ababa anatulutsa supuni yawo n'kuyamba kudya ndi dzanja lamanzere, mpunga ukutayikira pamalaya. Azakhali anga, alongo awo a Ababa, anandipeza ndikutsuka mbale.

"Iwe Asiyatu, bambo ako Msilamu adye ndi manzere pagulu? Pita ukawadyetse kuseri."

"Sindipita, azakhali."

"Ulibe manyazi?"

"Kuseri akhalako kokwanira. Dzanja limene Mulungu wawasiyira ndi lomwelo."

Ndinapitiriza kutsuka. Azakhali anapita okha, nagwira mbale ya Ababa kuti aichotse. Ababa anaikanikiza ndi chigongono. Lilime linkawalemera, komabe aliyense anamva.

"Siyani. Ndidya ndekha."

Anamaliza anzawo onse atasamba kale m'manja. Pobwerera anakana kuti ndiwagwire, ankakoka mwendo njira yonse ine ndili pambuyo.

Azakhali sanandilankhule mpaka nthawi yokolola. Sindinakawapepese. Ababa anakhala zaka zambiri, akusamba okha, akudzitawadha okha asanapemphere, Lachisanu akupita kumzikiti ndi ndodo yawo.

Masiku ano wina akagwa ndi trombozi m'mudzi muno amandiitana. Ndimayamba ndi achibale, osati wodwalayo. Ndimawauza kuti matenda amulanda dzanja limodzi, iwo asamulandenso linalo pomumvera chisoni.