Mwala wa Wotentha Nkhokwe

Pangodya ya msewu wopita kutchalitchi kwathu ku Govanhill, kuno kudziko la azungu, pali mwala wotalika ngati munthu, umene kwa zaka zambiri unali wobiriwira ndi ndere. Ife amayi a ku Malawi tinkaudutsa Lamulungu lililonse tikupukusa mitu. Azunguwa, manda a munthu kuwasiya chonchi, nkhunda n'kumanyerapo? Kwathu akanati pamudzipo palibe anthu.

Tsono Loweruka lina tinapangana zokalambula. Tinamanga zitenje pamwamba pa majekete, n'kuyamba kukwecha ndi maburashi tikuimba nyimbo ya maliro, mvula ikuwaza. Abusa athu, mzungu wofatsa, anasangalala mpaka anati mawa lake tikatuluka m'mapemphero tidzaikepo maluwa, ndipo anasankha mwana wanga wamkazi kuti adzawanyamule. Mwanayo nthawi yomweyo anayamba kunena za diresi.

Ndere zitachoka, zilembo zinaoneka. Ndinali nditaiwala magalasi, ndiye ndinauza mwana yemweyo kuti atiwerengere. Sanali manda ayi. Mwalawo unkatamanda msilikali wina wakuno amene kalekale anapita ku Amereka kukathira nkhondo eni dziko, n'kutentha midzi yawo, minda yawo ya chimanga ndi nkhokwe zomwe, nyengo ya chisanu ili pafupi.

Ndinaponya burashi m'chidebe. Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire. Kumenyana ndi mwamuna wonyamula uta ndi nkhondo, koma kutentha nkhokwe ndi ufiti. Wochita zimenezo amadziwa bwino amene afe, makanda ndi nkhalamba. Kuno anamusemera mwala, ife zitsiru n'kudzautsuka ndi sopo wathu, zala zitauma ndi kuzizira.

"Abusa, maluwa aja ayi," ndinatero. "Mwana wanga sanyamula."

Iwo anayankha mofatsa kuti izi n'zakalekale, ndipo Akhristu timakhululuka.

"Ndikhululuke ndine? Chimangacho chinali changa? Eni ake munawafunsa?"

Amayi anzanga anandikoka chitenje kuti ndisakweze mawu pamsewu. Ndinakweza.

M'basi mwana wanga anakhala atatupa, nkhope ili kuwindo. Sindinafune kuti akule akuyesa mayi ake wamisala, komanso sindikanalola kuti akagwade pamwala umenewo. Kenaka anayankhula m'Chingerezi chake chakuno chija, chothamanga.

"Mami, mwandichititsa manyazi. N'chimanga chabe. Kushopu chadzaza m'zitini."

Dzanja linandiyabwa, koma mwanayu analakwanji? Njala imene amaidziwa ndi yodikira ine kuti ndiweruke kuntchito. Chimene ndinachikwiyira ndi mwala uja, ndi onse amene amaudutsa atakhuta.

Ndiye ndinamuuza za chaka chimene chimanga chinakanika kwathu, ndili msinkhu wakewo. Tinkasinja zitsa za nthochi n'kuphika. Ndinamuuza za mlongo wanga wamng'ono, amene anatupa miyendo, tsitsi n'kufiira, n'kusiya ngakhale kulira. Ndinkamubereka ndine, ndipo tsiku lililonse ankapepukirapepukira, mpaka anatisiya.

"Ife kunali kusowa kwa mvula," ndinatero. "Ana a m'midzi yotenthedwa ija anawachitira dala munthu, ndi moto."

Basi inadutsa pamene timatsikira, ife osanyamuka. Mwana wanga anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ndinali ndi amalume?" anafunsa, m'Chichewa tsopano. "Dzina lawo anali ndani?"

Ndinalitchula, koyamba chibwerereni m'dziko muno.