Dzanja la Ovila Gauvreau

Ovila Gauvreau adagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi m'fakitale ya mapepala ku Jonquière, m'chigawo cha Quebec, ndipo zala ziwiri za kumanja adazisiya komweko. Kapitawo adakuwa kuti achotse dzanja pamakina, kukuwa adakuwadi, koma m'Chingerezi. Nanga mnyamata wongochokera kumunda, wodziwa Chifalansa chokha, akadamva bwanji?

Ikafika nkhani yoti Quebec, chigawo cha olankhula Chifalansa, achoke m'Canada, anzake ankakamba za misonkho ndi mbendera. Ovila ankangotukula dzanja lija.

"Munthu kulamulidwa m'nyumba mwako ngati waganyu? Tikakhalabe muno tisungunuka ngati shuga m'khofi. Dziko lathulathu, basi!"

Mu 1980, pa voti yofunsa ngati Quebec achoke, adayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti avote "inde". Adagonja. Mu 1995 adayendanso, mawondo akulira, n'kugonjanso ndi kachiwerengero kochepetsetsa, koti ukakaganiza mtima umawawa mpaka lero. Atapuma pantchito adalumbira kuti Chingerezi chimene adachiphunzira mokakamizidwa sichidzatulukanso pakamwa pake. Ndipo munthuyo anali wamakani, ngakhale otsatsa malonda pafoni ankawadulira.

"Kutukwana konseku, dziko lapezeka, a pulezidenti?" ankamuseka mkazi wake Jeannine.

Kutchalitchi Ovila adasiya kalekale, koma mwambo umodzi adaukakamira: m'mawa wa Chaka Chatsopano mwana wamkulu amagwada n'kupempha bambo kuti adalitse banja. Mwana wake anali mmodzi yekha, Gaétan, amene adapita kutali ku Calgary, mzinda wa olankhula Chingerezi, kukafuna ntchito n'kukwatira komweko mkazi wolankhula Chingerezi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Jeannine ankatero, koma Ovila zinkamudya.

Chaka chimene Ovila adakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, Gaétan adabwera ndi mwana wake Megan, namwali wamkulu ndithu, woti agogo ake adamuona komaliza ali kusukulu ya mkaka. Adagwada onse awiri m'khitchini, pafupi ndi chitofu.

"Bambo, tidalitseni," adatero Gaétan.

Ovila adasanjika dzanja la zala zitatu lija pamutu pa mdzukulu wake n'kunena m'Chifalansa mawu amene bambo ake ankanena, amene iwonso adawamva kwa bambo awo. Megan adamwetulira mwaulemu. Kenaka adanong'oneza bambo ake m'Chingerezi: "Agogo akuti chiyani?"

Kalanga ine! Gaétan adayamba kutanthauzira, mawu ena n'kumawadumpha. Dalitso lodutsa kwa womasulira ngati mlandu wa kukhoti! Ovila adayang'ana dzanja lake. Iye ankadziwa kuposa wina aliyense kuti kuuzidwa chinthu chachikulu m'chiyankhulo chimene sukuchimva kumatha bwanji.

"Khala chete, iwe," Ovila adauza Gaétan.

Ovila adatembenukira kwa Megan. Ndiye adabwereza dalitso lonse m'Chingerezi, Chingerezi chothyokathyoka cha kufakitale, cha akapitawo omwe aja. Megan adamva. Adalira, n'kuwakumbatira agogo ake, akuti sadzaiwala tsiku limeneli.

Ovila adavala chikhoto n'kutuluka panja. Jeannine adamupeza akuchotsa chipale chofewa ndi fosholo pamasitepe amene anali atawayeretsa kale m'mawa womwewo.

"Lowani, muzizidwa. Mwachita bwinotu, mwana wasangalala."

"Ndikudziwa," adatero Ovila, osatembenuka. "Kawiri konse kuja ndinkati atigonjetsa ndi anthu ena, Jeannine. Lero ndavota 'ayi' ndekha, m'khitchini mwanga momwe."